Setima Yanga Ili ndi Zuze

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene ananditengera setima yanga. Setima ndi kalasi yachisanu ndi chiwiri, imene masiku amenewo inali yomaliza munthu asanapite kusukulu yaikulu. Ndinaiphunzira ine, mayeso ndinalemba ine, ndinakhoza ine. Koma pepala lake lili ndi msuweni wanga Zuze, ndipo ndi iye amene akudya nalo mpaka lero.

Nkhaniyi inayambira pa sedula, kabuku kosonyeza kuti munthu anabadwa liti, anabadwira kuti, ndipo makolo ake ndani. Ine ndinalibe. Ndinabadwira m'nyumba ku Zobue, bambo anga atakwera kale lole yopita kumwera osabwereranso, ndipo amayi sanakandilembetse kuboma. Nditafika msinkhu woyamba sukulu anatibweza pakhomo pa ofesi, akuti tibwere ndi sedula. Amayi anatumiza mawu kwa mlongo wawo, amalume a Armando, amene ankakhala ku Moatize. Amalumewo anatumiza fotokopi ya sedula ya mwana wawo Zuze, ndi uthenga wakuti, "Alembetse ndi imeneyi, tidzakonza m'tsogolo."

Kwathu zimenezi sizinali zachilendo. Mwana wopanda pepala ankabwereka la mbale wake monga mmene anthu amabwerekerana khasu. Choncho kunyumba ndinali Nasiyo, kusukulu ndinali José Armando, dzina la Zuze la pa sedula. Aphunzitsi akaitana dzinalo ndinkaimirira n'kuvomera, ndipo pomafika kalasi yachitatu ndinali nditasiya kucheuka kuti ndione ngati akuitana wina. Mwini dzina, amene ankandiposa ndi zaka zitatu, ankaphunzira ku Moatize ndi dzina lomwelo. Analephera kalasi yachisanu kawiri, n'kusiya.

Chaka chimene ndinkalowa setima, malasha anali atagundika. Amalume anapeza ntchito kumgodi wa ku Chipanga. Anabwera ku Zobue pa chaka chatsopano atavala nsapato zazitsulo kutsogolo, ana akuwatsatira pambuyo, ndipo ananena kuti anditenga. Anati ku Moatize kuli magetsi, ndikamalizire setima kumeneko ndi kupitiriza oyitava, kalasi yoyamba ya sukulu yaikulu. Amayi anakhala pansi n'kuwomba m'manja. Anawapatsa thumba la mbatatesi ndi nkhuku yathadzi imene inkaikira.

Ku Moatize ndinapezako kutentha kumene munthu wa kumapiri sakudziwa. Kwathu m'mawa umafunda chitenje. Kumeneko dzuwa likangotuluka malata amayamba kulira. Pafupi ndi nyumba ya amalume panali sukulu, moti chitsulo chake chikalira tinkachimva tili pabwalo. Koma ine anakandilembetsa kusukulu ina kutsidya kwa njanji, ulendo wa ola lathunthu wapansi. Nditafunsa chifukwa, anati yapafupiyo yadzaza. Sanandiuze kuti aphunzitsi a kumeneko ankamudziwa Zuze nkhope yake ndi ulesi wake womwe.

Ndinkalowa masana. M'mawa ndinkatunga madzi, kusesa, ndi kuchapa zovala za amalume za kuntchito, zimene madzi ake oyamba ankatuluka akuda ngati inki. Ndikamaliza ndinkavundikira beseni pansi pa mtengo wa masau, n'kuikapo kaderno, kope langa lolembamo, n'kuyamba tepese, ntchito imene aphunzitsi ankatipatsa yokalembera kunyumba. Fumbi la malasha linkagwa papepala ndikulemba. Sabata yoyamba ndinkalipukuta ndi dzanja, ndipo linkasiya mzere wakuda kuchokera mbali iyi kufika mbali iyo. Aphunzitsi athu a Luiza ankachotsera munthu mavalori, ndiwo mamalikisi, chifukwa cha kaderno yakuda, ngakhale masamu onse atakhoza. Ndinaphunzira kuti fumbi la malasha sapukuta, amauzira. Unkalemba mizere itatu, n'kuuzira, n'kulembanso itatu.

Nthawi imeneyo Zuze amakhala akudzuka kumene. Ankatuluka akudziwongola, n'kukhala pakhonde ndi foni yake ikuimba nyimbo, tiyi ali pambali.

"Lemba bwino, msuweni," ankatero. "Usandichititse manyazi. Dzina langa limenelo."

"Dzina lakoli lisanandipeze ine linali lisanaonepo mavalori khumi okhozera," ndinkamuyankha.

Ankaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. Anthu apachisuweni amanyozana choncho, ndipo ndinkaganiza kuti tikungocheza.

Ndisabise, Zuze ndinkamuchitira nsanje kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Anali ndi njinga yatsopano imene sankapita nayo kulikonse kothandiza, pomwe ine ndinkayenda ola lathunthu dzuwa lili paliwombo, mapatapata akumatirira phula. Anali ndi bedi, ine mphasa m'chipinda chomwecho. Koma zimenezi ndikanapirira. Chimene sindinkapirira ndi mmene amalume ankafikira kuchokera kuntchito. Ankavula chisoti pachipata n'kufunsa kuti, "Mwana wanga ali kuti?" Zuze ankatuluka, osachita chilichonse tsiku lonse, ndipo bambo ake ankamugwira pakhosi n'kumugwedeza mwachikondi. Ine ndinkaima potero ndi kaderno yokhala ndi zochonga zofiira zokhazokha, ndikudikira kuti mwina andifunsa. Ankangondipatsa nsapato kuti ndikazigugude fumbi.

Kusukulu nako poyamba sikunali kwanga. Tinalimo ambiri m'kalasi, atatu pa desiki, otsala pansi pafupi ndi bolodi. Ine wobwera ndinali wapansi. Buku limodzi tinkaonera atatu, ndipo amene ali pakati ndiye ankawerenga bwino. Anzanga ambiri ankalankhula Chinyungwe, ndipo ndikangotsegula pakamwa ankati, "Mmalawi walankhula!" Ndinkawauza kuti Zobue ndi Mozambique, iwo ankati ndikanene zimenezo kwa asilikali a pachipata cha malire. Masana ena kumgodi akaphulitsa miyala, mawindo ankanjenjemera, fumbi la choko n'kutsika pabolodi kutera pamitu ya ife apansi, ndipo a padesiki ankaseka.

A Luiza anali mayi wamfupi, wosaseka pachabe, ndipo cholembera chawo chofiira ankachimangirira kuchingwe m'khosi kuti asabedwe. Tsiku lililonse ankayamba ndi tepese. Ankayenda mzere ndi mzere, kaderno iliyonse ili yotsegula. Amene sanalembe ankatuluka kukathirira timitengo ta sukulu ndi chigubu, kuchokera kumpopi wa kuseri kwa zimbudzi, mpaka ola loyamba litatha. Ine sindinanyamulepo chigubu chimenecho chaka chonse. Palibe amene angachitire umboni zimenezi lero, koma ndi zoona.

Tsiku lina anatipatsa tepese ya Chipwitikizi: tilembe tsamba limodzi za banja lathu, mayina a makolo, ntchito yawo, ndi nyumba yathu. Ndinakhala pansi pa masau nthawi yaitali cholembera chili m'kamwa. Ndikanalemba za amayi ndi munda wawo wa mbatatesi, mayina sakanagwirizana ndi a m'kaundula wa sukulu. Ndiye ndinalemba za banja la José Armando. Ndinati bambo anga amagwira ntchito kumgodi wa ku Chipanga, amavala chisoti choyera, ndipo akafika kunyumba amafunsa kuti mwana wawo ali kuti. Ndinalemba za wailesi yakanema ndi njinga. Sindinavutike nazo, pakuti zinthu zimenezo ndinali nditaziyang'ana kwa miyezi yambiri kuposa mmene mwini wake ankaziyang'anira. Amayi sanapezekemo ngakhale mzere umodzi.

A Luiza anawerenga tsamba langalo pamaso pa kalasi yonse ngati chitsanzo. Pofika nthawi yopuma zinthu zinali zitasintha. Masiku amenewo aliyense ku Moatize anali ndi mchimwene, bambo kapena mlamu wofuna ntchito yakumgodi. Anyamata omwe ankanditcha Mmalawi anandizungulira. "Zoona bambo ako ali ku Chipanga? Sangamulowetseko mkulu wanga?" Ndinkayankha kuti ndikawafunsa. Mawa lake ndinapeza malo pa desiki, pakati, pomwe buku limaoneka bwino. Tsiku lina ndinabisa magalasi akale a amalume otetezera maso m'thumba n'kupita nawo kusukulu, ndipo anzanga anaima pamzere kuti awavaleko. Ndinayamba kukonda kukhala José Armando. Kunyumba dzinalo linali la Zuze, koma kutsidya kwa njanji linali langa, pamodzi ndi bambo ake, njinga yake ndi nyumba yake.

Utatsala mwezi umodzi kuti tilembe mayeso, a Luiza analowa ndi pepala lalitali la mayina. Sanafunse tepese tsiku limenelo. Ananena m'Chipwitikizi, n'kubwereza m'Chinyungwe kuti pasakhale wonamizira kuti sanamve.

"Dzina lili apa ndi limene lidzalembedwe pa sertifikadu yanu. Likalembedwa, palibe chofufutira. Ndikudziwa kuti ena mwa inu munalowa sukulu ndi mapepala a eni ake. Sindimenya munthu. Amene dzina si lake anene lero, tione chochita nthawi ikadalipo."

Anayamba kutiitana mmodzimmodzi kutebulo lawo. Mtsikana wina, Rozita, atafika anaweramitsa mutu n'kunena kuti sedula ndi ya mkulu wake amene anakwatiwa. Kalasi yonse inaphulika ndi kuseka. A Luiza anamenya tebulo, n'kulemba kenakake m'mphepete, ndipo anamuuza kuti mawa abwere ndi amayi ake. Rozita anabwerera kumalo kwake akulira, anyamata akumunong'oneza kuti, "Ndiwe yani tsono? Mwamuna wa mkulu wako ndi wakonso?"

Kenako anaitana José Armando. Ndinapita. Anayang'ana pepala, n'kundiyang'ana ine, n'kuyang'ananso pepala.

"Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri? Iweyo?"

"Inde, aphunzitsi."

"Ulibe ndi kandevu komwe."

"Kwathu timachedwa kukula, aphunzitsi."

Sanaseke. Anagwira cholembera chofiira chija pamwamba pa dzinalo osachigunditsa papepala, n'kudikira. Ndikukumbukira phokoso la sitima ya malasha ikudutsa kunja, mabogi osatha. Ndinkadziwa kuti akudziwa. Ndinkadziwanso kuti kumbuyo kwanga anyamata a pa desiki langa atchera makutu. Ndikanangotsegula pakamwa, ndikanabwerera pansi pafupi ndi bolodi, Nasiyo Mmalawi wopanda bambo, wonama amene anabwereka ngakhale magalasi.

"Mwana wanga," anatero motsitsa mawu, "dzina ili ndi lako?"

"Ndi langa."

Anachonga. Ndinabwerera pa desiki, mnzanga wa kumanja n'kundisendezera malo.

Amalume atafika kuchokera kuntchito ndinawafotokozera zonse. Kwa nthawi yoyamba anandigwira pakhosi n'kundigwedeza ngati mmene ankachitira ndi Zuze. "Wachita bwino, mphwanga. Maliza kaye mayeso, zinazo tidzakonza." Anatuma Zuze kukandigulira botolo la chakumwa chozizira. Ndinalimwa pang'onopang'ono pamaso pake kuti naye amve mmene zimawawira.

Mwezi umenewo ndinawerenga ngati wamisala. Ndinabwereza masamu a magawo mpaka ndinkawalota, ndinaloweza mitsinje ndi zigawo zonse za dziko, ndinadzaza kaderno ziwiri. Chodabwitsa, Zuze anayamba kutunga madzi m'malo mwanga. Ankazimitsa nyimbo ndikakhala pansi pa masau. Sabata ya mayeso anandibwereka njinga, atapopa yekha matayala. Ndinaganiza kuti wayamba kundilemekeza. Ndinaiwala kuti mbuzi yopita kumsika amaidyetsa bwino sabata yomaliza.

Zotsatira anazimata pakhoma la ofesi. Ndinakankhana ndi anthu mpaka ndinafika kutsogolo, n'kutsitsa chala pamzere wa mayina. José Armando, mavalori khumi ndi asanu pa makumi awiri. M'kalasi mwathu anandiposa ndi munthu mmodzi yekha. Chapansi pake ndinaona dzina la Rozita, lakelake, lokhala ndi khumi ndi limodzi. Anamuseka sabata imodzi, amayi ake anayenda maulendo angapo kumaofesi, basi zinatha. Ndinamuyang'ana monyoza tsiku limenelo chifukwa ndinamuposa ndi anayi.

Sertifikadu anakatenga ndi amalume, popeza m'kaundula iwo ndiwo anali bambo anga. Ndinaiona kamodzi kokha, ili m'pulasitiki pamwamba pa wailesi yakanema. Nditatambasula dzanja, Zuze anati, "Kasambe m'manja kaye, msuweni, udetsa." Tinaseka tonse. Mawa lake amalume anandikweza minibasi ya ku Zobue kuti ndikaone amayi patchuthi. Anati za oyitava ndisadandaule, akalembetsa okha.

Januwale inatha osamva kanthu. Anzanga a ku Zobue anayamba sukulu. Foni ya amalume inkangoitana. Mu Febuluwale amayi anagulitsa kabichi n'kundikweza kubwerera ku Moatize. Nditalowa pachipata ndinakumana ndi Zuze akutuluka. Anali atavala ovolosi yofiirira yokhala ndi mizere yonyezimira, nsapato zazitsulo, chisoti chili m'khwapa. Kampani ina yogwira ntchito kumgodi inkalemba othandizira, ndipo inkafuna zinthu ziwiri: sertifikadu ya setima ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Zuze anali atangokwanitsa kumene zakazo. Tsiku lake lobadwa ndinkalidziwa bwino, pakuti ndinali nditalilemba pamapepala kwa zaka zisanu ndi ziwiri.

Ndinadikira amalume pakhonde. Sindinawalandire nsapato.

"Amalume, nanga oyitava?"

Anakhala pansi n'kuyamba kumasula zingwe okha. "Mphwanga, ganiza ngati wamkulu. José Armando sangakhale kumgodi ndi kusukulu tsiku limodzi. Akatigwira, tonse tapita. Ine, Zuze, iwe, ndi mayi ako amene anakapereka pepalalo kusukulu."

"Koma mayeso ndinalemba ndine."

"Unkalemba ukudya zayani? Ukugona m'nyumba yayani? Komanso aphunzitsi atakufunsa, unati dzina ndi layani?"

Anati ndikapeze sedula yangayanga, adzandithandiza. Nditabwerera ku Zobue ndinauza amayi kuti apite akawalalatire. Amayi anapitiriza kusankha mbatatesi, zazikulu uku, zazing'ono uku, osandiyang'ana. "Ndi mlongo wanga yekhayo," anatero. "Ndikadana naye, maliro anga adzaika ndani?"

Sedula yanga ndinaipeza ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, olembetsa anthu atafika kwathu. Inácio, dzina langa lenileni limene kwathu amalitchula kuti Nasiyo, lolembedwa ndi boma. Ndinapita nayo kusukulu ndili wonyada. Anatsegula mabuku awo ndipo anandiuza zoona: Inácio sanakhalepo m'kalasi iliyonse. Anati ndikhoza kuyamba ndi sukulu ya akuluakulu. Ndinapitako tsiku limodzi. Ndinapeza amayi obereka ana kumbuyo akujambula a, e, i, o, u, malilime ali kunja. Ndinakhala mpaka nthawi yopuma, n'kutuluka osabwereranso. Ena amati kunali kunyada. Anene. Iwo sanauzirepo fumbi pa kaderno chaka chathunthu.

Lero ndimakhala pafupi ndi chipata cha malire, pomwe malole amaima pamzere. Amalonda ndi madalaivala osadziwa Chipwitikizi amabwera kwa ine kuti ndiwadzazire mapepala. Amati dzanja langa ndi loyera, silidetsa. Tsiku lonse ndimalemba mayina a eni ake, masiku awo obadwa, mayina a abambo awo. Ntchito imeneyi ndinaiyamba kalekale.

Miyezi ingapo yapitayo Zuze anabwera pa galimoto kudzagula mbatatesi ndi kabichi. Wanenepa, khosi lasowa, makiyi akulendewera palamba. Anaima patebulo langa n'kutchinga dzuwa.

"Msuweni! Ukadalembabe?"

"Iwe ukadadyabe?"

Anaseka, n'kukhala pa benchi la makasitomala. Anati kuntchito zinthu zasintha. Amene akufuna kukwezedwa azionetsa pepala la kalasi ya khumi, ndipo anyamata atsopano akumupitirira. Anati kuli sukulu ina yophunzira uli kwanu, umangopita kukalemba mayeso. Mabuku agula iye, zonse alipira iye.

"Iwe mutu uli nawo, ine dzina ndili nalo. Paja umaifuna oyitava?"

Ndisaname. Oyitava ndinaifuna zaka zonsezi monga mmene munthu amafunira madzi ku Moatize mwezi wa Okutobala. M'maganizo ndinaona mabuku atsopano, ndinamva fungo lake. Kenako ndinaona cholembera chofiira chili m'mwamba, chikudikira.

"Dzina limenelo si langa," ndinatero.

Mawu amenewa ndi omwe a Luiza ankadikira tsiku lija. Ndinawanena mochedwa, kwa munthu wolakwika, pa benchi la pamalire. Zuze anati ndili ndi nsanje. Ndinamuuza kuti inde, ndili nayo, ndipo sanaipeze lero.

Chimene ndikudziwa tsopano ndi ichi. Amalume anandibera, ndipo sindidzawayeretsa. Koma chitseko ndinatsegula ndine. Ndinkamuchitira nsanje Zuze mpaka kufuna kukhala iyeyo, ndipo ndinakhaladi iyeyo pa tsiku limodzi lokhalo limene ndinkayenera kukhala ine. Rozita anasankha kusekedwa sabata imodzi. Ndimamva kuti anafika patali ndi khumi ndi limodzi lake lija. Ine ndinasankha malo a pakati pa desiki.

Nsanjeyo sinathe, ndipo sindikulonjeza kuti idzatha. Zuze atanyamuka anatsitsa galasi la galimoto n'kufunsa kuti ndikufuna chiyani kuti nkhani yakaleyi ithe, njinga yamoto kapena malata. Ndinamuuza kuti za kusitolo asunge. Zanga ndi makalasi asanu ndi awiri, ndi mavalori khumi ndi asanu pa makumi awiri. Abweze zimenezo.